Malamulo a Kadyedwe ku Sukulu ndi Momwe Ana Amaonera Matupi Awo: Mafunso ndi Mayankho kwa Makolo ndi Aphunzitsi a ku Salima

Masiku ano sukulu zambiri m'boma la Salima zimalowerera pa zimene mwana amadya. Kwina kuli phala la m'mawa, kwina analetsa kamba ndi mafirizesi pageti, ndipo kwina mphunzitsi amavundukula kontena ya mwana aliyense nthawi ya buleki. Cholinga chake n'chabwino. Koma mwana samva lamulo mmene akuluakulu analilembera. Iye amamva ngati akunena za mimba yake, mikono yake, kapena umphawi wa kwawo. Mafunso ali m'munsimu ndi amene makolo, aphunzitsi ndi amayi oyang'anira atsikana pasukulu amafunsa kawirikawiri.

Kodi malamulo a kadyedwe amene mukunenawo ndi ati?

Alipo a mitundu ingapo ndipo sanachokere kumodzi. Ena ndi a ukhondo: kusamba m'manja, kubwera ndi kapu yotsuka, kusagula chakudya chosavindikira. Amenewa anakhwima kwambiri nthawi ya kolera ya 2022 mpaka 2023, pamene maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika koopsa ndipo kugulitsa zophikaphika pasukulu kunaletsedwa m'malo ambiri. Ena ndi a m'kalasi, pamene ana amaphunzira magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zamasamba, zipatso, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, ndi zamafuta. Ndiye pali ena amene sukulu imangodzipangira yokha, makamaka sukulu za pulaiveti ndi za mkaka za pa boma: osabweretsa maswiti, osabweretsa zakumwa zotsekemera, osabweretsa zokazinga.

Awiri oyambawo palibe amakangana nawo. Achitatuwa, komanso kalankhulidwe ka mphunzitsi powatsatitsa, ndi amene amabala nkhani.

Nanga cholakwika n'chiyani, poti kudya bwino aliyense amakufuna?

Lamulo palokha silipweteka mwana. Chimapweteka ndi chifukwa chimene timapereka. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kuuza kalasi kuti "shuga wambiri amaboola mano ndipo simukhuta naye" ndi kuuza mwana mmodzi, anzake akumva, kuti "iwe siya zimenezi, taona mmene wafufumira." Mawu oyambawo akunena za chakudya. Achiwiriwo ayika thupi la mwana pabwalo, ndipo pofika nthawi yoweruka amakhala atapatsidwa kale dzina latsopano.

Ana a Sitandade 1 mpaka 4 amatenga mawu a aphunzitsi ngati Baibulo kapena Korani. Mukawauza kuti chakudya chakuti ndi choipa, m'mutu mwawo wodya chakudyacho ndiye woipa, ndipo amayi amene anachilongedza nawonso alakwa. Ana okulirapo amamva mwanjira ina: kwa iwo "kudya bwino" kumasanduka "kuoneka bwino", ndipo amayamba kuwerengera mbamu iliyonse.

Kuno ana ambiri amapita ku sukulu m'mimba mulibe kanthu. Kodi zoopa kunenepazi si za azungu?

Funsoli lili ndi mfundo, ndipo tiyambire pomwepo. Vuto lalikulu la ana a kuno likadali kuperewera kwa chakudya. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero ndi umoyo wa anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chikatha m'nkhokwe, mwana wa ku Khombedza kapena Thavite akhoza kukhala m'kalasi mpaka masana asanalawe kanthu. N'chifukwa chake phala la kusukulu, kaya la Likuni limene bungwe la Mary's Meals lakhala likupereka m'dziko muno kuyambira 2002, kaya chakudya chogulidwa kwa alimi apafupi monga mmene bungwe la WFP lathandizira m'sukulu zina za Salima, limakokera ana m'kalasi kuposa belu.

Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi thupi lopitirira muyeso. Ndiye kuti m'nyumba imodzi mutha kupezeka mwana wopinimbira ndi mayi wodwala BP. Mwana wa lero ali pakati pa mawu awiri otsutsana. Agogo akuti, "Mwana iwe ukuwonderanji, ukudwala?" Foni ya achemwali ake, pa TikTok ndi Facebook, ikumuonetsa chiuno ngati cha mavu ndi mbina yaikulu. Kusukulu nako akuti mafuta ndi oipa. Amvere ndani?

Tsono nkhaniyi ndi yathu, kungoti kwathu imabwera mbali ziwiri. Wowonda amasekedwa, wonenepa amasekedwanso. Ndipo kuwonda kuno kuli ndi chilonda chakechake, chifukwa kuyambira zaka zimene Edzi inapululutsa anthu, munthu akatsika thupi anthu amayamba kunong'onezana. Mwana amene akumwa ma ARV, kapena amene makolo ake anamwalira, mawu oti "kandodo" amamulasa pena pamene mnzake womusekayo sakudziwa n'komwe.

Mwana wanga wabwera akunena kuti zitumbuwa zimene ndimamupatsa ndi "chakudya choipa". Ndimuyankhe bwanji?

Musanyoze aphunzitsi ake pamaso pake, koma musavomerenso mawuwo. Muuzeni kuti chitumbuwa ndi ufa ndi nthochi, chimapatsa mphamvu zothamangira, koma pachokha sichikwanira kumanga thupi, n'chifukwa chake chimafuna mnzake monga mtedza kapena chipatso. Zakudya zina ndi za tsiku lililonse, zina ndi za apo ndi apo. Chakudya choipa chenicheni ndi chowola, chachuku, kapena chimene ntchentche zaterapo. Mwana akazimva motero saopa mbale, komanso sachita manyazi ndi zimene mayi ake akwanitsa.

Kodi mphunzitsi ali ndi ufulu wosecha zikwama ndi kulanda chakudya cha mwana?

Sukulu ikhoza kuika lamulo, makolo atagwirizana nalo pamsonkhano. Koma kulanda chakudya cha mwana popanda kumupatsa china m'malo mwake ndi kumulanga ndi njala, ndipo palibe phunziro la kadyedwe limene limalowa m'mutu wa mwana wanjala. Taganizani mmene zimakhalira. Buleki yakwana, ana afola, mphunzitsi akuyenda mzere ndi mzere. Kontena yoyamba muli buledi wopaka majarini ndi dzira, "Very good." Yachiwiri muli nthochi ziwiri, ayamikiridwa. Wachitatu alibe kontena, watulutsa m'thumba la yunifomu kapaketi ka kamba kamene bambo ake amugulira ndi ndalama yokhayo imene inali m'thumba popita kukakoka khoka. Mphunzitsi wakakweza m'mwamba kuti onse aone chitsanzo cha zosayenera. Wachinayi alibe chilichonse, ndipo akuthokoza mumtima kuti lero manyazi agwera wina.

Mwana wachitatuyo sanasankhe yekha chakudya chake, ndiye akulangidwa chifukwa cha chiyani? Ngati pali chokamba, mphunzitsi akambe ndi kholo, paseri, ana atapita.

Kusukulu kwa mwana wanga akufuna kuyeza ana onse pasikelo. Ndilole?

Zitengera amene akuyeza, cholinga chake, ndi malo oyezera. Alangizi a zaumoyo akabwera ndi sikelo kapena kalamba koyezera pamkono pofuna kupeza ana onyentchera kuti alandire chithandizo, imeneyo ndi ntchito yopulumutsa moyo. Chofunika n'chakuti ayezere pobisika, nambala ilembedwe m'buku la kuchipatala, isawerengedwe mokuwa, ndipo zotsatira zipite kwa kholo.

Kuyeza kongofuna kuuza ana kuti uyu wanenepa, uyu ali bwino, mayiko ena anakuyesa kale. Chigawo cha Arkansas ku America chinayamba mu 2003 kutumizira makolo makalata onena za kulemera kwa ana awo, ndipo zigawo zina zinatengera. Patapita zaka, akatswiri anatsatira ana oposa 28,000 m'sukulu za ku California, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti makalatawo sanasinthe kulemera kwa ana, pamene kuyezedwa kusukuluko kunachititsa ana ena kusakhutira ndi matupi awo. Ngati zinakanika kwa anthu okhala ndi anamwino m'sukulu momwe, sitikuona chifukwa choti mphunzitsi wa ana 100 m'kalasi imodzi asenze mtolo umenewu.

Mtsikana wanga wa Sitandade 7 wasiya kumwa phala kusukulu. Akuti limanenepetsa. Zoona?

Ayi. Phala la Likuni ndi chimanga ndi soya zothiramo mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi. Kapu imodzi patsiku singanenepetse munthu mopitirira muyeso. Chimene chikuchitika n'chakuti mwanayo akukula. Atsikana ambiri amayamba kusintha thupi pakati pa zaka 8 ndi 13, anyamata pakati pa 9 ndi 14. Pa nthawi imeneyi mtsikana amatalika msanga, chiuno chimakula, mabere amamera, ndipo thupi limasunga mafuta ochulukirapo kuposa kale. Ndi mmene analengedwera. Koma ngati palibe anamufotokozera, iye amafufuza cholakwa, ndipo chapafupi kuchiloza ndi phala.

Nthawi zambiri pamakhalanso china chimene sakunena. Kufola ndi kapu pamzere umodzi ndi ana a Sitandade 1, anyamata a m'kalasi mwake akuyang'ana ndi kuponya mawu, kwa namwali ndi chinthu cholemera. Ena amauzidwa kuti phala ndi la ana a amphawi. Sukulu zimene zimapatsa makalasi akuluakulu nthawi yawoyawo, kapena kuwalola kumwera m'kalasi, zimachepetsa vutoli popanda kuwononga ndalama.

Musachitenge mopepuka. Msinkhu umenewu ndi umene thupi limafuna chakudya chochuluka, ndipo msambo ukayamba mtsikana amataya magazi mwezi ndi mwezi. M'Malawi muno pafupifupi mtsikana mmodzi mwa atatu a zaka 15 mpaka 19 ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, n'chifukwa chake m'sukulu zina atsikana amalandira mapiritsi owonjezera magazi kamodzi pa sabata. Kuno kunyanja onjezeranipo malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo, zonse zomwa magazi a mwana yemweyo. Wotere akayamba kudumpha chakudya, choyamba kutsika ndi malikisi: chizungulire, tulo m'kalasi, kuiwala, mayeso a Sitandade 8 ali pakhomo.

Amene angalankhule naye bwino kawirikawiri si bambo ake, ngakhale amukonde chotani. Azakhali ake, anankungwi omvetsa zinthu, kapena mayi wa m'gulu loyang'anira atsikana pasukulupo ndi amene angamumasule.

Nanga wanga ndi wowonda kwambiri, anzake amamuseka. Ndamva za mankhwala onenepetsa.

Musamupatse. Mankhwala amene amagulitsidwa mwachinsinsi m'misika ndi pa WhatsApp monga "owonjezera chilakolako cha chakudya" kapena "okulitsa mbina" nthawi zambiri amakhala ndi cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amagonetsa ndipo akhoza kuwononga chiwindi, kapena dexamethasone, amene amatupitsa nkhope, kukweza shuga ndi BP, kufooketsa chitetezo cha m'thupi, ndiponso kuchedwetsa kukula kwa mwana akamwedwa nthawi yaitali. Kutupa kumeneko anthu amakuyesa thanzi.

Mwana wowonda amene akudya bwino, akusewera, akutalika ndipo sadwaladwala, mwina ndi mtundu chabe; tayang'anani abambo ake ndi amalume ake. Koma ngati akutsika thupi, akutsokomola kosalekeza, akutsekula m'mimba pafupipafupi, akukodza magazi, kapena akumwa madzi ndi kukodza mopitirira, pitani naye kuchipatala akamuyeze.

Mwana wanga ndi wonenepadi, ngakhale adokotala anena. Ndiyambe kumumana chakudya?

Kumana ayi. Bungwe la madokotala a ana la ku America linalangiza mu 2016 kuti achinyamata asamalimbikitsidwe kudzimana chakudya, ndipo makolo asamakambe za kulemera kwa mwana, chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti ana odzimana ndi amene pambuyo pake amanenepa kwambiri kapena kudwala matenda a kadyedwe. Womanidwa nsima masana amakadya mobisa madzulo, ndipo amaphunzira kudya ndi mantha.

Sinthani za nyumba yonse, osati mbale ya mwana mmodzi. Poyambira pabwino ndi zakumwa. Botolo limodzi la 300 ml la chakumwa chozizira chotsekemera limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8, ndipo ndi kutentha kwa Salima mu Okutobala mwana amatha awiri osazindikira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku. Madzi akhale chakumwa cha masiku onse, Sobo akhale wa alendo ndi Khirisimasi. Ndiwo zamasamba zichuluke, mafuta a m'poto achepe, ndipo banja lidyere pamodzi ngati n'kotheka. Bungwe lomwelo limati ana a zaka 5 mpaka 17 azithamangathamanga mphindi 60 patsiku. Fulaye, phada, mpira wachikulunga, jingo, kupalasa njinga, zonsezi zimawerengedwa. Chimene sichiwerengedwa ndi kumuthamangitsa kuzungulira bwalo yekha monga chilango cha thupi lake.

Kumbukiraninso kuti mwana akadali kutalika. Nthawi zambiri cholinga sichikhala choti atsike, koma choti msinkhu upeze thupi.

Kodi zimenezi zimakhudza anyamata?

Zimawakhudza, kungoti sanena. Mnyamata wamfupi kapena wochedwa kukula amaona anzake mawu atayamba kukhuthala iye adakali ngati wa Sitandade 4. Wonenepa amakana kuvula malaya pa mpira kapena kunyanja. Ena amayamba kunyamula zitsulo za simenti mopitiriza muyeso. Mnyamata amene kale ankakonda kusambira ku Senga Bay kapena ku Chipoka koma tsopano amangokhala pamchenga atavala, mufunseni mwaulemu chimene chachitika.

Ndingadziwe bwanji kuti zafika poipa, ndipo ndipite kuti?

Yang'anirani mwana amene nthawi zonse amati wadya kale kwina, amene amagawira ang'ono ake nsima yake mwakabisira, amene amathamangira kuchimbudzi akangomaliza kudya, amene amavala juzi kapena malaya aakulu dzuwa likuswa mtengo, amene msambo wake wasiya, kapena amene amadya mochuluka modabwitsa kenako n'kudzida. Kukomoka pa asembule, kuthothoka tsitsi ndi kumva kuzizira nthawi yotentha ndi zizindikiro zoti musadikirenso.

Matenda odzimana chakudya, amene madokotala amati anorexia nervosa, ndi odya n'kudzisanzitsa, amene amati bulimia, ndi matenda enieni a maganizo ndi thupi. Si matama, si kulodzedwa, ndipo kukalipa sikuchiza. Anorexia imapha, chifukwa imafooketsa mtima. Yambani ndi chipatala chaching'ono cha kwanuko, ndipo mukafotokoze zonse za kadyedwe kake osati kuwonda kokha, kuti asangomuyeza malungo n'kukubwezani. Akhoza kukutumizani ku chipatala chachikulu cha boma pa Salima kwa ogwira ntchito za matenda a maganizo. Ngati mwana akuzunzidwa kapena kunyozedwa ndipo akusowa womuuza, nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana.

Ife ndife Asilamu. Mwezi wa Ramadan mwana akasala, sukulu itani?

Sukulu ilemekeze. Mwana wosala asakakamizidwe phala, asasekedwe, ndipo asathamangitsidwe padzuwa. Ana aang'ono osatha msinkhu chipembedzo sichiwakakamiza kusala, ndipo odwala ali ndi chilolezo. Chimene makolo muyang'ane ndi ichi: kodi dzuwa likalowa mwanayo akudya mokondwa pamodzi ndi anzake? Ngati akuzembanso chakudya cha madzulo ndi cha m'bandakucha, kapena akupitiriza "kusala" mwezi utatha, ndiye kuti kusalako kwasanduka pobisalira. Zimachitikanso ndi ana a m'matchalitchi amene amalimbikitsa kusala kudya.

Ndalama ndilibe. Ndimulongedzere chiyani choti asachite nacho manyazi komanso chimuthandize?

Salima si boma losauka zakudya. Mbatata yophika, makamaka yofiira mkati yomwe ili ndi vitamini A, ndi kamtedza kokazinga pambali, ndi chakudya chokwanira kuposa bisiketi ya mugolosale. Chinangwa chophika chimakhutitsa koma chilibe zomanga thupi zokwanira, choncho chiyende ndi mtedza kapena nsomba. Chigumu chothira nsinjiro kapena ufa wa soya, chimanga chootcha, nthochi, mango m'nyengo yake, malambe, bwemba, masawu. Usipa ndi bonya anthu amazipeputsa chifukwa n'zotchipa, koma poti timadya ndi minga ndi mutu womwe, zimalimbitsa mafupa kuposa chambo chimene timachotsa minga. Kunyumba, nkhwani, chisoso, bonongwe, kholowa kapena chigwada chotendera zimatseka magulu awiri mu mphika umodzi.

Za manyazizo, mphunzitsi ndi amene ali ndi kiyi. Tsiku limene madamu adzatulutse mbatata yawo pa buleki n'kudya ana akuona, mbatata idzakwera mtengo m'kalasi imeneyo.

Ndili mu komiti ya sukulu ndipo tikufuna kulemba malamulo athu. Tiyambire pati?

Yambani ndi zimene sukulu iyenera kuchita isanalamule mwana: madzi abwino akumwa, posambira m'manja, zimbudzi zotseka bwino za atsikana, ndi nthawi yokwanira yodyera. Lamulo loletsa mafirizesi pasukulu yopanda mjigo ndi nkhanza chabe.

Kenako itanani amayi ogulitsa pageti. Ambiri mwa iwo ndi makolo a ana omwewo, ndipo fizi ndi yunifomu zimachokera m'beseni limenelo. Mukawathamangitsa amangosunthira kuseri kwa mpanda kumene simungaone ukhondo wawo. Mukakhala nawo pansi mutha kugwirizana kuti zakudya zizivindikiridwa, madzi a mafirizesi azikhala othira mankhwala, mafuta asamabwerezedwe mpaka kuda, ndipo pambali pa mandasi pazikhalanso nthochi, mtedza ndi mbatata.

M'malamulomo musalembe mawu oti kunenepa kapena kuwonda. Lembani kuti palibe mphunzitsi kapena wophunzira amene aziitana mnzake ndi dzina lonena za thupi lake, ndipo izi zikhudze ndi nthabwala za m'stafu zomwe, chifukwa ana amamva kudzera pawindo. Lembani kuti phala silimanidwa monga chilango, kaya mwana wachedwa, kaya sanabweretse nkhuni, kaya makolo sanapereke ndalama ya chitukuko. Lembani kuti nkhani ya chakudya cha mwana mmodzi ikambidwa ndi kholo lake lokha. Musanapite nawo kwa a PEA (mlangizi woyang'anira sukulu za pulayimale m'dera lanu) ndi kumsonkhano wa makolo, awerengereni atsikana ndi anyamata a Sitandade 7 ndi 8, gulu lililonse palokha, mphunzitsi wawo wa kalasi palibe, ndipo muwafunse kuti ndi lamulo liti limene lingawachititse kusiya kapu kunyumba.